Malo Ukawaone Mvula Ikugwa

Enelesi mwana wanga,

Ndakhala m'chigafa muno pamene iwe wapita kukatsanzika azakhali ako kutsidya. Fodya anapita kale ku okushoni, mwangotsala fungo lake ndi nkhuku zikupalasa. Ndikukulembera chifukwa ine ndi iwe pakamwa sitimvana. Masana aja tinayesa, ndipo waona wekha mmene zathera: iwe misozi, ine kukalipa, amuna ako maso pa nsapato zawo ngati akuziona koyamba. Umandidziwa, mawu anga amayamba bwinobwino koma amakathera pamwamba. Ndiye leka ndilankhule nawe papepala, ndipo uwerenge mpaka kumapeto usanandiyankhe.

Ndiyambe ndi kubwereza nkhani yako kuti uone kuti ndinakumva. Mawa mukukwera basi ya m'mawa kupita ku Lilongwe, iwe kukayamba ntchito kuchipatala chimene akutumizako, amuna ako kukapitiriza yawo yoyendetsa galimoto. Mwapeza puloti cha ku Njewa, kumene tauni ikufalikira, ndipo mwini wake akuti ndalama ifike mwezi uno usanathe, apo ayi apatsa wina. Zimene mwasunga sizikukwana. Ndiye wandipempha kuti tigulitse munda wakumtunda, uja anandisiyira amayi anga, umene udzakhale wako ine ndikadzapita. Wogula alipo, bwana wa esiteti ya kuseri kwa msewu, ndipo nayenso akuufuna mvula isanagwe kuti apangiretu mizere. Wogulitsa puloti akuthamanga, wogula munda akuthamanga, inu mukuthamanga. Ine ndekha ndi amene ndati dikirani, ndiye ndaoneka mfiti.

Usaganize kuti sindikuona chimene chikukuthamangitsa. Ndinabwera kudzakuonani kuja munkachita lendi ku Dowa, ndinagonako, ndinaona ndi maso angawa. Landilodi wamkazi uja atakhala pakhonde kuyang'ana ndowa iliyonse imene ukutunga pampopi. Mdzukulu wanga akathamanga pabwalo, "Mwanayo akusokosa." Ine mlendo ndikatsokomola, "Kodi agogowa akhalitsa?" Ndinabwerako mtima ukuwawa, ndipo m'basi ndinapemphera kuti Mulungu akupatseni khomo lanulanu. Pemphero limenelo sindinalibweze. Nyumba ya m'tauni ndikukufunira monga momwe ukuifunira wekha, mwinanso kuposa.

Koma masana aja wanena mawu amene andilasa. Wati, "Amayi, inu munayesa tauni n'kulephera, musatitsekere ifenso njira." Alasa, koma si bodza. Tinalepheradi. Chimene sudziwa ndi mmene tinalepherera, poti unali kamwana ka Sitandade 2, ndipo ine ndi abambo ako nkhaniyi sitinkakonda kuikamba. Lero uimve yonse.

Chinali chaka chimene fodya anatikomera. Mvula inagwa mwaulemu, masamba anatuluka aatali ngati mkono, ndipo ku okushoni mabelo athu sanabwezedwe ngakhale limodzi. Malemu abambo ako anachokera kubanki akuyenda ngati dziko ndi lawo. Anakhala pamkeka nati, "Nachisale, fumbi la kumudzi latikwana. Tikamange pa Boma, mwanayu aphunzire sukulu yabwino, iwe uyambe kagolosale." Ine sindinakane, ndinene zoona, ndinachita kuvina. Kasungu nthawi imeneyo anali atayamba kutambasuka, minda ya m'mbali mwa tauni ikudulidwa mapuloti, kulikonse malata kung'anima. Tinapeza dobadoba, wa tayi koma ali panjinga, amene anatitengera kumalo ena kumunsi kwa msewu. Munali mu Julaye. Malo osalala ngati mphasa, opanda chitsa, opanda mwala, opanda chulu. Dothi lakuda long'ambikang'ambika, m'mbalimo udzu uli biriwiri. Abambo ako anatola dothi, kulifikisa m'manja, nati, "Chonde chokhachokha." Enelesi, udzu wobiriwira mu Julaye! Ife alimi obadwira m'munda, amene dambo timalidziwa ndi fungo lomwe, tinaima pakati pa dambo n'kumayamikira chonde. Kumudzi kuno malo otero sitikanamangapo ngakhale khola la mbuzi. Koma poti panali patalambulidwa msewu, ndipo chapatali pakuoneka mapolo a magetsi, maso aulimi tinawasiya kunyumba. Tinalipira tsiku lomwelo chifukwa dobadoba uja anati pali mphunzitsi wina akubwera mawa ndalama zili m'manja.

Pambuyo pake ndi pamene ndinazindikira kuti msampha umenewu ndi wa ife a fodya. Ndalama yathu imabwera kamodzi pachaka, ndipo imabwera mvula itatha, dziko lonse litauma gwa. Mu Januwale, pamene nthaka imadziulula, mlimi wa fodya alibe ngakhale ya mchere, ali m'munda kuthyola ndi kusoka. Pamene ali ndi ndalama m'thumba, dambo ndi mtunda zimaoneka zofanana. Ogulitsa malo amazidziwa zimenezi bwino lomwe, n'chifukwa chake changu chawo chimakula miyezi ngati uno. Iwe ndiwe namwino wolandira pakutha pa mwezi, koma wakulira pa fodya, ndipo ndikuona ukugula ngati mwana wa fodya. Uno ndi Ogasiti, fumbi lili koboo, ndipo munthu akukuuza kuti wina akubwera mawa. Malo ukawaone mvula ikugwa, mwana wanga.

Njerwa tinaumba pomwepo. Oumba atakumba dzenje lofika m'chiuno anapeza madzi, ife n'kumasekerera kuti Mulungu watipatsa chitsime chaulere. Nyumba inakwera, zipinda zitatu, malata atsopano, pansi simenti yopaka polishi wofiira. Tinalowa mvula yoyamba isanagwe. Khirisimasi tinadyera mmenemo, abale akumudzi akubwera kudzaona, ine ndikuyenda mapewa m'mwamba. Januwale ali pakati simenti ija inayamba kutuluka thukuta. Mphasa kunyowa, ufa kuchita nkhungu, machesi osayaka. Tsiku lina tinadzuka madzi ali m'akakolo. Abambo ako anakwera padenga ndi phula kukafuna podontha, anakwawa malata onse, natsika ali kakasi, chifukwa denga linali bwinobwino. Madzi ankatumphuka pansi. Iwe umakumbukira zoti unkagwira ambululu pabalaza n'kumawaika m'kapu, ndipo mpaka lero umaiseka nkhani imeneyo. Chimene sukumbukira n'chakuti chimbudzi chinadzaza n'kusefukira pabwalo, ndipo sabata yotsatira ndinakubereka kumbuyo, wamkulu kale miyendo ikulendewera, kuthamangira nawe kuchipatala utatsegula m'mimba mpaka maso kulowa. Anakuika madiripi. Ndinakhala pambali pa bedi ndikuyang'ana chifuwa chako ngati chikukwera ndi kutsika, ndipo mantha amene ndinachita tsiku limenelo sanandichokebe m'thupi. Mvula yachiwiri khoma la kuchipinda linang'ambika kuyambira pawindo mpaka pansi, moti dzanja linkalowa.

Ndiye ukapita kukaona puloti yakoyo, usakayang'ane mapolo a magetsi kapena nyumba zokongola za anthu ena. Kayang'ane m'munsi mwa makoma awo ngati muli mzere wa ndere. Kaone zimbudzi zawo, ngati anazimanga pamwamba zochita kukwera ndi masitepe, dziwa kuti pansi pali madzi. Kafunse a kabaza ngati amafikako mu Febuluwale, kapena amakutsitsa kumsewu n'kunena kuti kwatsalako yendani. Ndipo ukaimepo wekha mvula itagwa motsatizana, uvule nsapato. Wamva, Enelesi? Osatuma munthu, osakhulupirira chithunzi cha pafoni.

Pali china chimene chinatitayitsa, ndipo pamenepa wopusa kwambiri ndinali ine. Chakumtunda kwa puloti yathu, pa kachulu, panali kanyumba ka mayi wina wochokera ku Mulanje, tinkangoti amake Joni. Anabwera ku Kasungu ngati matenanti pa esiteti, amuna awo atamwalira anakhazikika pa Boma n'kumagulitsa zitumbuwa. Tsiku limene tinkaona malo anali pamjigo, ndipo tinawadutsa. Ine ndinali nditamva kuti kutauni aliyense amayendera yake, moni amapatsana odziwana okha, ndiye ndinafuna kuoneka wozolowera. Choipitsitsa chinachitika tsiku lokhoma malata. M'mawa tinapeza masamba aikidwa pamsewu, panyumba ina yapafupi pagwa maliro a mwana. Kumudzi kuno ukudziwa, khasu limagona, ngakhale wailesi imazimitsidwa. Koma mmisiri anali atabwera kale, ndipo tinauzana kuti kuno n'kutauni. Anthu akuimba nyimbo za maliro, ife hamala ili pa malata, kho kho kho, mpaka dzuwa kupendeka. Ndikakumbukira ndimafuna kulowa pansi.

Madzi atatilowera, amake Joni ndi amene anabwera ndi ndowa kudzatithandiza kukapa. Tili mkati mokapa ndinawafunsa, "Kodi inu munkadziwa kuti pano pamatere?"

Anaweramuka nati, "Amayi, pano ana athu amadzagwira nkhanu chaka chilichonse."

"Nanga osatiuza bwanji?"

"Ndikanayambira pati? Munandidutsa pamjigo ngati chitsa. Mukanangoti mwaswera bwanji, ndikanakutsinani khutu tsiku lomwelo, ndalama zisanatuluke m'thumba."

Analankhula mosakwiya, n'kuweramanso kupitiriza kukapa. Za maliro zija sanazitchule n'komwe, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa akanandinyoza.

Tauni imene ukupitayo ndi yaikulu kuposa Kasungu, koma kumene ikukulirako n'kumidzi ya anthu. Dzulodzuloli kunali minda ya chimanga ndi manda a makolo awo, lero kwabwera inu a mipanda ya njerwa ndi mageti achitsulo. Eni ake alipo, akukuonani. Ukafika, usanafunse mtengo, pereka moni. Ima pamjigo, funsa dzina la mayi woyandikana nawe, ndipo mwana wake akadwala iwe ndiwe namwino, usadikire kuti agogode. Ukaona masamba pamsewu, mmisiri abwerere kwawo ngakhale utamulipira kale, iwe umange chitenje ukakhale pansi ndi amayi anzako. Mpanda udzamange pomaliza, anthu atakudziwa nkhope. Anzako apantchito adzakuuza kuti zimenezo n'zachimidzi. Asiye anene, iwo amakhala kutali ndipo ndowa sadzabwera nayo.

Pali kanthu kena kamene ndimaseka ndekha ndikakumbukira. Sabata yoyamba pa Boma ndinapita kumsika n'kupeza bonongwe ali pamilu, akugulitsa. Bonongwe yemweyu, amene kuno timazula n'kutaya kumalire. Ndinakangana naye mayi wogulitsayo ngati wandibera. Kenako nkhuni, kenako madzi a pamjigo mwezi ukatha, ngakhale tsache lomwe. Ife poganiza za nyumba tinaganiza njerwa, malata ndi simenti, osakumbukira kuti m'nyumbamo mudzafunika kudya tsiku ndi tsiku. Tinamanga zipinda zitatu kuti akumudzi aone, ndipo anaonadi. Wodwala wobwera kuchipatala cha pa Boma, wodikira basi, wofuna ganyu, onse ankafikira kwa Nachisale wa malata. Sungawathamangitse, ndi abale. Kwa iwenso adzabwera, ku Lilongwe ndiye aliyense ali ndi chifukwa chopitirako. Uziwalandira, koma pomanga yamba ndi zipinda ziwiri zimene mungathe kumaliza osatsala opanda ya ndiwo. Kuseri usiye podzala mpiru ndi nkhwani. Chaka china mudzaonjezera chipinda, china khonde, anthu akuseka kuti ikuchedwa inu muli mkati.

Za makuponi sindinakuuzepo. Zaka zimenezo fetereza wotsika mtengo anali atangoyamba kumene. Posamuka, munda tinawasiyira amalume ako a Binisoni kuti azilima mbali imodzi, mbali inayo abambo ako azibwera panjinga kudzalima chimanga chathu. Nthawi yolemba mayina itafika ndinabwera kumudzi nditatchena, ndinakhala pamsonkhano tsiku lonse, dzina langa osamveka. Nditafunsa anandiyankha anthu amene ndinakula nawo, "Inu si a pa Boma kodi? Khomo lanu lili ndi loko, ife tikulemba makomo ofuka utsi." Ndinabwerera ku Boma kukayesa kumeneko, akuti, "Munda wanu uli kuti? Kalembetseni komwe mumalima." Uku ayi, uko ayi. Wa m'sitolo tinalibe naye mphamvu, ndalama zonse zinali zitasanduka njerwa zonyowa. Chimanga cha chaka chimenecho chinali chachikasu, chofika m'mawondo, ndipo tinadya gaga ife amene chaka chapitacho tinkagawira anthu. Munthu ukasamuka pamakhala nyengo imene kumudzi wachokako koma kutauni sunafike. Nyengo imeneyo ikubwera kwa iwenso, ndipo imafuna kuti kumbuyo kwako kukhale chinthu chogwirika.

Chogwirika chathu chinali munda womwewu. Madzi atayamba kuvuta, abambo ako ankafuna tiugulitse kuti tithire dothi ndi miyala, tikweze bwalo. Ndinakana. Usati ndinali wanzeru, ayi, ndinali nditangokwiya nawo chifukwa cha njinga yamoto imene anagula osandiuza, ndiye chilichonse chimene ankanena ine ndinkangoti toto. Mkwiyo umenewo ndi umene unatipulumutsa. Khoma litang'ambika tinazula malata ndi zitseko, kukweza pangolo, n'kubwerera kuno anthu akutiyang'ana m'makonde. Manyazi analipo, koma polima panalinso. Munda umenewu ndi umene unakulipirira fizi kusekondale ya ku Nkhamenya mpaka ku sukulu ya unamwino, ndipo ndi umene unagula bokosi la abambo ako. Puloti ya pa Boma ija ilipobe, anthu amadzalapo mpunga.

Tsono za wogulitsayo. Wandiuza kuti ndi bambo waulemu, wopemphera, ndipo wakulonjezani kuti kwa amfumu kulibe vuto. Chabwino. Koma kumeneko n'kwa Achewa anzathu, ndipo iwe ukudziwa mmene minda imayendera. Funsa kuti mundawo unali wa amayi ake a yani. Ngati bamboyo ndi mkamwini pamudzipo, akugulitsa chinthu cha akazi ake ndi alamu ake, ndipo tsiku lina mudzangoona amayi atakhala pa maziko anu atafunda zitenje, akuti ife sitinauzidwe. Ngati ndi mwini mbumba, uone alongo ake ndi maso ako, amve mtengo ndi makutu awo, ayende nanu m'malire pamodzi ndi oyandikana nawo mbali zonse. Mukatero mupite ku khonsolo mukafunse ngati pamenepo sipadzadutsa msewu, poti tauni ikamakula imadula paliponse. Pa mapepala palembedwe mayina awiri, lako ndi la amuna ako, ndipo usachite manyazi kunena zimenezi, si kuwakayikira ayi. Zonsezi sizingatheke mwezi uno usanathe. Munthu amene akukana kuti muzichite ali ndi chimene akubisa, kaya ndi madzi kaya ndi alongo ake.

Amuna ako usawakalipire chifukwa cha ine, ndipo usalole kuti aganize kuti ndikuwaona ngati akuba munda. Ndimadziwa kumene achokera. Anakulira m'tinyumba ta matenanti, chaka chino esiteti iyi, chaka chamawa thirakitala yawatutira kwina, makolo awo osadzala ngakhale mtengo wa papaya poti sadzadya. Munthu wotero akamva kuti pali malo amene angatchedwe ake, sagonanso tulo. Masana aja pamene ine ndimakalipa ndinawamvera chisoni ngakhale pakamwa panga sipanaleke. Uwauze kuti apongozi awo akuti khomo adzakhala nalo. Pakali pano kachiteni lendi konko ku Njewa, pafupi ndi malowo, ngakhale kachipinda kamodzi. Kupirira landilodi miyezi ingapo kuli bwino kusiyana ndi kupirira nyumba yako yomwe ikumira. Ufa ndi nyemba ndizikutumizirani pa basi, musamagule.

Utatuluka ndi mkwiyo uja, ine sindinakhale pansi. Ndinapita kwa amalume ako, poti iwo ndiwo mwini mbumba ndipo popanda mawu awo palibe chingagulitsidwe. Ndinawapeza kudimba akuthirira nazale. Nditangotchula nkhaniyi anaponya kheni yothirira pansi.

"Mlongo, wapenga? Munda wa amayi upite ku esiteti? Sukuwaona amene anagulitsa kuseri kuja, lero akupalira pa ganyu m'minda yawo yomwe? Mwanayo ngati akufuna tauni apite ndi malipiro ake."

Zimene ananenazo n'zimene zinali mumtima mwanga masana onse, koma nditazimva pakamwa pa wina ndinangopezeka ndikukuikira kumbuyo. Ndinati, "Achimwene, ana anu onse ali pano. Wanga ndi mmodzi, ndipo ntchito yake ili kutauni, sadzabwera kudzasoka fodya. Amayi anausiya mundawu kuti mwana wamkazi akhale ndi pokhala. Ngati pokhala pake pali ku Lilongwe, mundawo umutsatire kumeneko."

Tinakangana mpaka a m'madimba oyandikana anaimika makasu. Pomaliza anatola kheni yawo nati, "Chita zimene waganiza, koma ine pa tsikulo ndidzakhala ndadwala." Ukuwadziwa amalume ako, kumeneko ndiye kuvomera kwawo.

Ndiye yankho langa ndi ili, ulimve bwino. Mwezi uno sindisaina. Bwana wa esiteti akafuna kupita kwina apite, minda siisowa ogula masiku ano. Puloti ya ku Njewa ikatengedwa ndi wina, itengedwe, ndipo ndikudziwa kuti udzandida nazo kwa kanthawi. Ndalolera kuti undide uli pouma. Tauni imene ikukula chonchi siitha mapuloti chaka chimodzi, koma munda umagulitsidwa kamodzi basi. Ukapita umenewu, iwe n'kudzalephera kumeneko monga tinalepherera ife, ndidzakulandira ndi manja awiri koma opanda kanthu. Zimenezo ndi zimene zikundiopsa, osati kuti ine ndidzasowa polima. Ine ndakalamba, dimba likundikwanira.

Ndikukupempha mvula imodzi yokha. Ndilima chaka chino, ndipo dzina langa likatuluka pa makuponi fetereza yense ndithira mmenemo. Iwe kakhale kumeneko, upereke moni, uone alongo a wogulitsa, uyembekeze Febuluwale. Ukadzandiimbira foni n'kunena kuti, "Amayi, yagwa sabata yathunthu, ndaimapo, pansi m'pouma," kaya ndi puloti imeneyi kaya ina, sindidzafunsanso funso lina. Ndidzakolola, mapesi sindidzawakwirira poti mizere ya chaka chinacho siidzakhala yanga, ndipo ndidzapita ndekha kwa amfumu kukasaina. Tsiku limenelo ndidzalira, ndikuuziretu, ndipo usadzandiletse kapena kuganiza kuti ndasintha maganizo. Ndidzakhala ndikulira amayi anga amene ndinalima nawo mmenemo. Ndikadzatha kulira, ndalamayo ndidzakubweretsera ndekha, ndidzaone pamene mwana wanga adzakhale.

Mawa ndikuperekezani ku siteji. Ngati ukadali wokwiya usadzikakamize kundisekerera, ingondilola ndibereke mdzukulu wanga mpaka basi ibwere.

Ndine amayi ako okalipa aja,
Nachisale